Bran, galu wa kutsinde kwa phiri la Leinster

Kuseri kwa mwendo wanga wamanzere, pakatumba penipeni, pali zipsera zinayi, ziwiri m'mwamba ziwiri m'munsi. Ndinali Sitandade 3 kwathu ku Ntcheu pamene amayi anandituma kukapala moto kwa anansi. Galu wa pakhomo paja, dzina lake Adaniachuluka, anali atangoswa kuseri kwa nkhokwe, ine osadziwa. Sanauwe n'komwe. Ndinangomva mwendo kuti juu, phale la makala n'kugwera uko. Ululu wa manowo ndinauiwala kalekale. Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi nkhope ya amayi pamene azimayi a pamudzi anayamba kunong'onezana za chiwewe, ndi maulendo aja a panjinga ya amalume opita kuchipatala kukabayitsa majakisoni.

Kuchokera tsiku limenelo ine ndi agalu sitinkamwerana madzi. Kwathu zimenezi sizivuta, chifukwa galu amadziwa malo ake. Amagona paphulusa kapena pakhonde, amadya mkute ndi makoko a mumphika, amaperekeza anyamata kuuzimba, usiku n'kumauwa afisi ndi akuba. Palibe amene amamuda, koma palibenso amene amamuyalira mphasa. Ngakhale dzina lake nthawi zambiri silikhala lake, limakhala uthenga wopita kwa apongozi kapena kwa mnansi wamiseche.

Ndinabwera ku Ireland mu 2017 kudzaphunzira, ndipo monga Amalawi anzanga ambiri a kuno ndinayamba ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mu 2019 ananditumiza kumudzi wina m'boma la Carlow, kum'mwera kwa Dublin, kwa bambo wina wa zaka 84, mlimi wopuma, amene akazi awo anali atatsogola. Pafoni anangondiuza kuti, "Pakhomopo pali galu, koma ndi wofatsa." Eni ake a Adaniachuluka nawonso ankatero.

Nyumbayo inali yamakedzana, yopaka laimu, chitseko chake chogawika pakati: cham'munsi chotseka, cham'mwamba chotsegula kuti mphepo izilowa. Ndisanagogode, pamwamba pa chitseko cham'munsicho panatulukira mutu. Galuyo sanadumphe, sanakwere ndi miyendo yakutsogolo. Miyendo yonse inayi inali pansi, iye n'kungosanjika chibwano pachitsekopo, n'kumandiyang'ana. Mutu wautali, ubweya wotuwa wokhakhala ngati udzu wa m'chilimwe, ndevu zikudontha madzi, nsidze zolendewera ngati za nkhalamba. Ine chilili, mtima uli phaphapha, zipsera zija zikuyabwa.

M'nyumbamo munamveka mawu. "Lowa, mwana wanga. Bran, mpatse njira mlendo."

Anabwerera chambuyo, chifukwa kanjira kam'nyumbako kanali kopanikiza ndipo sakanatha kutembenuka. Ndinalowa chammbali, msana ukukhula khoma. Ananunkhiza chikwama changa, kenako manja, kenako pachifuwa, osakweza n'komwe khosi. Atamaliza anapotoloka n'kunditsamira m'chiuno ndi nthiti zake, kulemera konse kuli pa ine, ngati munthu wanditsamiritsa thumba la feteleza ndi theka lake. Pakanapanda khoma ndikanagwa chagada.

"Akakutsamira ndiye kuti wakulandira," anatero bambo aja. "Usamukankhe. Ingoika dzanja pamsana."

Dzanjalo linatenga masabata atatu kuti lifike pamsana pa Bran.

Bambowo ndinkawatchula kuti agogo, ndipo atafunsa tanthauzo lake analikonda dzinalo. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti mtundu wa galuyu umatchedwa Irish wolfhound, ndiye kuti galu wa ku Ireland wosaka mimbulu. Pa mitundu yonse ya agalu, uwu ndi umene umadziwika kuti ndi wotalika kwambiri. Alipo agalu amodziamodzi a Great Dane amene anatalika kuposa apo, ndipo English mastiff amalemera kuposa, koma mukatenga mtundu wonse pamodzi, msinkhu ndi wa wolfhound. Muyezo wa oweta umati wamphongo asachepere masentimita 79 paphewa ndi makilogalamu 54, wamkazi masentimita 71 ndi makilogalamu 40. Amenewo ndi malire apansi chabe. Bran anali wa masentimita 88 ndi makilogalamu 72, ndipo akanati aime ndi miyendo yakumbuyo akanapitirira mamita awiri. Agogo anamuletsa zimenezo akadali kamwana.

Manambala sakuuza munthu mmene zimakhalira kukhala naye m'khitchini. Batala ndi buledi zinkakhala pamwamba pa firiji, chifukwa patebulo ankangodutsa n'kunyambita osatambasula khosi. Makapu a tiyi sitinkawaika m'mphepete, poti mchira wake, wautali ndi wolemera ngati chingwe chomangira ng'ombe, ukangoyamba kugwedezeka unkasesa zonse. Akamwa madzi, ndevu zinkanyamula theka la madziwo n'kukawasiya pamiyendo ya munthu. Akagona pafupi ndi mbaula, njira yopita kusinki inkatsekeka, ndipo tonse tinkangomulumpha, iye osatsegula ngakhale diso.

Tsiku lina ndinaimbira amayi pa WhatsApp n'kuwaonetsa. Anakhala chete kanthawi, nkhope ataiyandikiza pafoni.

"Mwanawe, limenelo ndi thole kapena chiyani?"

"Ndi galu, amayi."

"Ndiye akugona m'nyumba? Pamatilesi?"

Ndinawafotokozera kuti galu wolemera chonchi akamagona pasimenti zigongono zimatupa ndi kuchita zikang'a, n'chifukwa chake agogo anamugulira matilesi akeake. Amayi anapukusa mutu. "Kwa eni kulibe mkuwe," anatero. "Koma iwe usaiwale mwendo wakowo."

Chimene chinandisokoneza kwambiri pa miyezi yoyamba n'chakuti chinyama chonsechi sichinali mlonda. Wa positi akafika, Bran ankanyamuka mwaulesi, n'kukamutsamira. Mlendo aliyense ankalandiridwa chimodzimodzi. Miyezi inkatha osamva kuuwa kwake, ndipo akati auwe kamodzi, mawindo ankanjenjemera. Ku Ireland kuli mndandanda wa mitundu ya agalu imene lamulo limati pagulu izivala chotseka pakamwa ndi kuyenda pa chingwe chachifupi. Pali Rottweiler, German shepherd, Dobermann, Rhodesian ridgeback ndi ena. Wolfhound, wamkulu kuposa onsewo, palibepo. Iye amangofunika zimene galu aliyense wa kuno amafunika: laisensi ya kupositi ofesi ya ma euro 20 pachaka, ndi microchip, kachipangizo kakang'ono komuzindikiritsa, pansi pa khungu. Chiwewe, chimene chinawasowetsa tulo amayi anga, chinatha m'dziko lino mu 1903. Nditamva zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake ana a kuno amathamangira galu pamene ife timatola mwala.

Komabe ndinamuona tsiku limodzi ali chimene anabadwira. Unali m'mawa wa chisanu, tili m'munda wa kuseri wotchingidwa ndi mpanda wautali. Kalulu anavumbuluka m'tchire chapatali ndithu. Bran sananunkhize pansi ngati agalu athu a kuuzimba. Anakweza mutu, thupi lonse n'kuuma gwa, kenako anafwamphuka. Msana unkapindika ndi kuwongoka ngati uta, miyendo inayi yonse ili m'malere, nthaka ikumveka didididi mpaka m'mapazi mwanga. Ndinaitana, agogo anaitana, iye makutu atatseka. Kaluluyo anapulumukira kunsi kwa waya. Agalu a mtundu uwu amasaka ndi maso, ndipo chinthu chikathawa, magazi amawawira. N'chifukwa chake kunja kwa mpanda Bran sankachoka pa chingwe. Dera limeneli ndi la nkhosa, ndipo lamulo limamuteteza mlimi amene wawombera galu wopezeka akuthamangitsa ziweto zake.

Mbiri ya mtunduwu sindinaiphunzire tsiku limodzi. Inkabwera pang'onopang'ono, nthawi ya tiyi wa madzulo, makamaka m'chaka cha 2020 pamene mliri unatitsekera m'nyumba atatufe. Pawindo la khitchini pankaoneka phiri la Leinster, la mtambo pamutu nthawi zambiri.

"Ukuliona phiri lija?" anatero agogo tsiku lina. "Mmbulu womaliza wa dziko lino unafera kumene kuja."

Anthu ambiri amavomereza kuti munali mu 1786, ndipo amene anausaka ndi John Watson wa ku Ballydarton, m'boma lomweli la Carlow, utamugwirira nkhosa. Ndiyenera kunenapo pang'ono za liwu lakuti mmbulu. Ife timalidziwira m'Baibulo, pa nkhani ya nkhosa pakati pa mimbulu, koma mimbulu ya m'tchire mwathu, imene anaibwezeretsa ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021, ndi nyama ina, yamawangamawanga ndi yamakutu aakulu. Ya ku Ulaya ndi yotuwa, yaikulu kuposa pamenepo, ndipo kale inali mbwee m'nkhalango za Ireland. Galu woti alimbane nayo ankayenera kukhala ndi liwiro loipeza ndi mphamvu yoigwira pakhosi.

Agalu aakulu a ku Ireland anatchuka kalekale. Mu 391, Quintus Aurelius Symmachus, mmodzi wa akuluakulu a boma la Roma, analemba kalata yothokoza chifukwa cha mphatso ya agalu asanu ndi awiri ochokera ku Ireland, n'kunena kuti mzinda wonse wa Roma unazizwa nawo. M'chilankhulo cha Chiairishi galu wotere ankatchedwa cú, ndipo liwu limeneli linali laulemu, moti ngwazi zinkaliika kutsogolo kwa mayina awo. Ine wochokera kumene kunena munthu kuti galu ndi chitonzo, ndinachita kufunsa kawiri.

Agogo anandiyankha ndi nthano ya Sétanta, mnyamata amene anafika mochedwa kuphwando kwa Culann, wosula zitsulo. Eni nyumba anali atamasula kale galu wawo woopsa kuti alondere. Galuyo atamulumphira, mnyamatayo anamupha. Culann analira, chifukwa galuyo ndiye ankateteza banja lake ndi ziweto zake. Sétanta analonjeza kuti adzamulerera galu wina, ndipo kufikira galuyo atakula iye mwini adzakhala mlonda wa pakhomopo. Kuyambira pamenepo anatchedwa Cú Chulainn, galu wa Culann, ndipo ndi dzina limeneli anakhala ngwazi yaikulu ya nthano za dzikoli. Chimene chinandigwira mtima m'nthanoyi ndi chakuti mnyamatayo anavomera kuti wapalamula, n'kulipira ndi thupi lake, monga mmene mlandu wa chiweto umathera pabwalo la amfumu. Dzina la Bran nalonso ndi la m'nthano: anali mmodzi wa agalu awiri a ngwazi ina, Fionn mac Cumhaill, mnzake ndi Sceólang.

Kwa zaka mazana ambiri agaluwa ankaperekedwa ngati mphatso kwa mafumu a maiko ena, mpaka kwawo anayamba kuchepa. Mu 1652, boma la Oliver Cromwell, mkulu wa asilikali wa ku England amene anagonjetsa Ireland, linalengeza ku Kilkenny kuti n'koletsedwa kuwatulutsa m'dziko, chifukwa mimbulu inali itachuluka pambuyo pa nkhondo. Chaka chotsatira anaika mphotho: mapaundi 6 pa mmbulu waukazi, mapaundi 5 pa waumuna. Agogo akamatchula dzina la Cromwell nkhope inkasintha, poti kwa anthu a ku Ireland dzinali limakumbutsa kuphedwa kwa anthu ndi kulandidwa kwa minda. Nkhalango zinadulidwa, alenje anadya mphotho, mimbulu inatha. Itatha, galu wa mimbulu anasowa ntchito. Ndani akanadyetsa chimphona chotere popanda chochita? Pofika zaka za m'ma 1800, anthu ambiri ankati mtunduwo unatha.

Pano ndi pamene pali nkhani imene ogulitsa zithunzi kwa alendo sakonda kuikamba. Galu amene timamuona lero anachita kumangidwanso. Captain George Augustus Graham, msilikali wopuma amene ankakhala ku Dursley ku England, anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1860. Anasonkhanitsa agalu ochepa amene ankakhulupirira kuti ali ndi magazi akalewo, n'kuwakweretsa ndi Scottish deerhound, ndipo m'kupita kwa nthawi munalowanso magazi a Great Dane, a borzoi ndi a galu wa ku Tibet. Mu 1885 anakhazikitsa Irish Wolfhound Club, ndipo muyezo wa mtunduwu unalembedwa. Posakhalitsa galuyu anasanduka chizindikiro. Gulu la asilikali a Britain la Irish Guards linalandira wolfhound wake woyamba mu 1902, n'kumutcha Brian Boru, ndipo mpaka lero galu wa mtunduwu amatsogolera perete wawo. Ku Gettysburg ku America, pachipilala chokumbukira asilikali ochokera ku Ireland, pali wolfhound wogona patsinde pa mtanda. Dziko la Ireland litapanga ndalama zakezake mu 1928, linamuika pa sikisi. Agogo anali nayo imodzi m'kabati, yofufuma, ndipo nditawaonetsa amayi pafoni anaseka chifukwa anakumbukira masiku a tiki ndi sikisi.

Ndinawafunsa agogo ngati siziwapweteka kuti galu wa fuko lawo anachita kusokedwa ku England ndi zigamba za agalu ena.

"Ndikudziwa kuti si yemwe uja wa m'nthano," anayankha. "Koma ndi yekhayu amene tili naye."

Ine maganizo anga ndi awa. Sindimuda Graham, chifukwa popanda iye Bran sakanakhalapo. Koma galu wakale ankasankhidwa ndi ntchito: wofooka ankatsalira m'nkhalango. Galu watsopano anasankhidwa ndi diso la munthu, ndipo diso la munthu linkafuna msinkhu. Anayambira pa agalu ochepa, n'kumakweretsa otalika ndi otalika anzawo. Mtengo wa msinkhu umenewo amalipira ndi galuyo, osati woweta.

Kamwana ka wolfhound kamabadwa kosakwana kilogalamu imodzi. Pofika miyezi isanu ndi umodzi kamatha kufika makilogalamu 40. Mafupa amakula mothamanga chonchi akadali anthete, moti mwana wagaluyo saloledwa kuthamanga mtunda wautali, kudumpha kapena kukwera masitepe mpaka atakhwima. Ndipo akakhwima, nthawi imakhala itatha kale theka. Ambiri amakhala zaka 6 mpaka 8. Wofika zaka 10 ndi nkhalamba yosimbidwa. Galu wa kumudzi kwathu, wodya mkute, akapulumuka chiwewe ndi galimoto amatha kumuposa.

Kuseri kwa khola lakale, pansi pa mtengo, panali miyala isanu yondandalika. Agogo anatenga wolfhound wawo woyamba mu 1976, ndipo Bran anali wachisanu ndi chimodzi. Zaka za moyo wawo ankaziwerenga ndi agalu. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa nthawi ya galu wachitatu. Ng'ombe anagulitsa nthawi ya wachinayi. Akazi awo anamwalira Bran ali ndi chaka chimodzi. Awiri mwa asanuwo anafa ndi mtima, matenda amene mtima umakula n'kulefuka mpaka kulephera kupopa magazi. Awiri anafa ndi khansa ya m'mafupa. Mmodzi anafa ndi mimba usiku umodzi wokha, ndipo chifukwa cha ameneyo agogo anandiphunzitsa zizindikiro zake sabata yanga yoyamba, ndisanadziwe n'komwe kumene amasunga mankhwala awo.

Zinandithandiza mu Januwale 2021. Bran ankadya kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo akadya ankayenera kupuma ola lathunthu asanatuluke. Usiku umenewo anadya bwinobwino. Cha m'ma 10 koloko ndinamva zikhadabo zikuyendayenda pasimenti. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinamupeza ataima miyendo atatangadza, mutu uli pansi, akudzikakamiza kusanza koma osatuluka kanthu, thovu lokha. Akati agone, n'kudzukanso. Ndinagwira mimba kuseri kwa nthiti: inali itauma, ndipo nditaigogoda ndi chala inalira ngati ng'oma.

"Agogo, dzukani. Ndi mimba ija."

Sanafunse kawiri. Agalu a chifuwa chakuya ngati awa, chifu chimatha kudzaza mpweya n'kupotoka, khomo lolowera ndi lotulukira n'kutsekeka, magazi osayendanso. Zikatero galu amatha kufa m'maola ochepa. Ndinaimbira dokotala wa ziweto, agogo anaimbira mnansi wa vani. Pofika nthawi imeneyo Bran miyendo inali itayamba kugwedera. Tinamugoneka pabulangete, anthu anayi aliyense kugwira ngodya yake: mnansi uja, ana ake awiri ndi ine. Ndinakhala naye kumbuyo kwa vani, mutu wake uli pamiyendo panga, dzanja langa lili m'kamwa mwake kukweza mlomo kuti ndione ngati nkhama zayera, monga anandilangizira dokotala pafoni. Mano ake anali aatali ngati zala zanga. Za mwendo wanga ndinazikumbukira mawa lake.

Anamuchita opaleshoni usiku womwewo, n'kusokerera chifu kukhoma la mimba kuti chisadzapotokenso. Ndalama zake zinaposa malipiro anga a mwezi, ndipo inshulansi ndiyo inapulumutsa. Anabwerako patatha masiku anayi, mimba yometedwa, atawonda, n'kukagona pamalo pake pafupi ndi mbaula.

Nditaika zithunzi zake pa Facebook, anthu angapo akumudzi anandilembera kufunsa mtengo wa kamwana ndi njira yokatumizira ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ena amaweta kale ma boerboel ndi ma German shepherd, ndipo ankaona kuti uyu ndiye angaopseze akuba zenizeni. Ndinawayankha onse mofanana, ndipo ndibwerezanso pano: musatero. Wakuba wolimba mtima adzangomusisita n'kudutsa. Galuyu sapirira kutentha, ndipo dzuwa la mu Okutobala lingamuzunze. Sakhala pa tcheni kapena m'kakhola kuseri kwa nyumba, amafuna kukhala pamene pali anthu ake, ndipo akasiyidwa yekha amafota. Chakudya chake, mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka zam'mimba, zonse zimayezedwa ndi kulemera kwa thupi. Koposa zonse, dzifunseni ngati pa 10 koloko usiku mungapeze dokotala wotsegula mimba ya galu pasanathe ola limodzi. Kwa inu amene muli kuno ku Ulaya ndipo mtima wagwa pa mtunduwu, funsani woweta ngati makolo a kamwanako anapimidwa mtima, ngati kamwanako kanayezedwa matenda a chiwindi obadwa nawo, ndiponso kuti agogo ake a kamwanako anafa ndi chiyani, ali ndi zaka zingati. Woweta woona sabisa zimenezi. Amene akukuuzani za msinkhu wokha, msiyeni.

Bran anakhala chaka china ndi miyezi ingapo ali bwino. Mu Epulo 2022 anayamba kutsimphina mwendo wakutsogolo wamanja. Ine ndinati mwina waponda minga. Agogo anagwada movutikira, n'kuyendetsa zala pamwendopo kuchokera paphewa kutsika, ndipo atafika pamwamba pa mfundo ya m'munsi anaima. Panali kachotupa kolimba, kofunda. Anakhala chigwadire nthawi yaitali, mpaka ndinachita kuwadzutsa.

Atamujambula kuchipatala cha ziweto, fupa linaoneka ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Khansa imeneyi imakonda agalu aakulu, imakonda mafupa aatali a miyendo, ndipo nthawi zambiri ikamadziwika imakhala itayamba kale ulendo wa kumapapo. Dokotala anafotokoza za kudula mwendo. Agogo anafunsa funso limodzi, ngati galu wa makilogalamu 70 wa zaka pafupifupi 8 angayende ndi mwendo umodzi wakutsogolo osavutika. Atamva yankho anati, "Tipatseni mankhwala a ululu. Tipita naye kunyumba."

Masabata asanu ndi awiri amenewo ndinkapereka mankhwala kwa odwala awiri, m'mawa ndi madzulo, a agogo m'kambale, a Bran m'kachidutswa ka soseji. Ndinkamuthandiza kudzuka ndi thaulo lokulunga pachifuwa. Maulendo athu anafupika, kuchoka kumunda kufika pageti, kuchoka pageti kufika pakhomo. Madzulo ena ndinkakhala pansi pambali pa matilesi ake n'kumamupesa ndevu, ndikumuyankhula m'Chichewa, chifukwa mawu otonthoza a Chingerezi sankandibwerera. "Pepa, Bran. Pepa, bambo." Ankandiyang'ana ndi maso aja ofiirira, mchira n'kugunda pansi kamodzi.

M'mawa wina mu Juni anakana soseji. Anayesa kudzuka, analira, kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Agogo anandiuza kuti ndiimbe foni. Dokotala anabwera kunyumba masana, n'kumubaya jakisoni woti apite mosamva ululu, ali pamalo pake pafupi ndi mbaula, mutu uli pamapazi a agogo. Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti akwanitse zaka 8.

Dzenje lake silinali lokumba ndi khasu. Mnansi uja anabwera ndi kathirakitala kokumbira, ndipo anthu anayi omwe aja tinanyamulanso bulangete lomwe lija. Agogo anasankha okha mwala kumpanda, ine n'kuwanyamulira.

Madzulo ake mwana wawo wamkazi anaimba kuchokera ku Dublin, n'kunena kuti akudziwa woweta wina amene galu wake ali ndi bere. Agogo anakana. Ataika foni pansi anandiuza kuti, "Agalu asanu ndi mmodzi ndawaika ndi manja anga, ndipo aliyense ndinamutenga ndikudziwa kuti ndidzamuika. Ndili ndi zaka 87. Wachisanu ndi chiwiri angadzaike ine, ndiye adzatsamira ndani?"

Usiku ndinaimbira amayi. Ndinkaganiza kuti ndingowadziwitsa mwachidule, poti kwathu galu akafa amangokamutaya kudzala kapena kuchigwembe, anthu n'kupitiriza za tsikulo. Koma mawu anandithera pakhosi. Amayi anadikira mpaka nditatonthola.

"Mwamuika?"

"Tamuika, amayi. Pansi pa mtengo, pamene pali anzake."

"Agogowo adya?"

"Akana."

"Uwaphikire phala, usawasiye okha. Ndipo mawa kukacha uwauze kuti amayi anga ku Ntcheu amva zovuta zagwa pakhomopo, akuti pepani."

Kutacha ndinawapeza agogo atakhala kale pampando wawo, akuyang'ana kuphiri. Ndinaika phala patebulo, n'kugwada pambali pawo monga timachitira kwathu popereka uthenga wa maliro, ndipo ndinanena mawu a amayi onse, poyamba m'Chichewa, kenako m'Chingerezi. Anavula chipewa chawo n'kuchiika pabondo.

"Liwu lomalizalo unati chiyani?"

"Pepani."

Analibwereza kawiri, pang'onopang'ono, kuti alitchule bwino. Kenako anakoka mbale ya phala ija.